Pokwatitsa anthu a m'nkhani, mkazi winayo asasanduke mfiti

Acinyamata athu masiku ano sangoonerera cabe masewero a pa wailesi ya kanema. Sewero likatha amatenga foni ndi kuyamba kukangana: uyu akanakwatira uja, uja akanamsiya uyu. Ena salekera pa mkangano, amalemba okha nkhani yatsopano pogwiritsa nchito anthu a m'sewero lomwelo, ndi kuika pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp. Azungu kalembedwe kameneka amakacha fan fiction. Kanakula ndi okonda sewero la Star Trek ku America m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo lero pa intaneti pali nkhani zotere mamiliyoni.

Ife sitiona colakwa pamenepa. Agogo athu anali kucita cimodzimodzi ndi Kalulu ndi Fisi, aliyense kuonjezerapo zace, ndipo malemu Julius Chongo anachuka pa wailesi ndi Poceza m'Madzulo cifukwa ca luso lotenga nthano yakale ndi kuibveka malaya atsopano. Mwana amene akulemba nkhani, ngakhale ya cikondi, akuphunzira kanthu.

Bvuto lathu lili pa mkazi wacitatu uja. Wolemba wasankha kale awiri amene afuna kuti akwatirane, koma pakati pao paima mkazi wina, kaya ndi mkazi wa kunyumba, kaya ndi bwenzi lakale. Amcotse bwanji? Njira yacidule imene ambiri amathamangira ndi kumuipitsa. Mwadzidzidzi munthu amene m'sewero anali wabwinobwino apezeka ali kwa sing'anga usiku, kapena ali ndi cibwenzi camseri, kapena akuthira mankhwala mu ndiwo. Zikakanika, galimoto imgunda pa tsamba laciwiri, maliro ace atenga mizere itatu, ndipo pa tsamba lacitatu anthu akubvina pa ukwati.

Tengani sewero la Mpali, limene linayamba pa Zambezi Magic m'caka ca 2018. A Nguzu ndi mlimi wolemera wa mitala, ndipo oonerera aliyense anasankhapo mkazi wace wa pamtima, wina amai Junza, mkazi wamkulu, wina Shupiwe. Kusankha si mlandu. Koma cimene cinagwira anthu pa sewero limeneli n'cakuti mkazi aliyense anali ndi mutu wace, ana ace, mantha ace ndi zimene afuna pa famu ija. Mukawacotsera zonsezo kuti mmodzi yekha awale, mwatsala ndi mngelo mmodzi ndi gulu la afiti, ndipo nkhani yotere sikoma ngakhale pang'ono. Cimodzimodzi ndi Zuba, mtsikana wa kumudzi amene anakagwira nchito m'nyumba ya a Sosala ku Lusaka. Kuti iye apeze cikondi ca Thando sikufuna kuti mtsikana aliyense wa m'tauni akhale njoka.

Wina anganene kuti ndi nkhani cabe, palibe wafa. Koma mau akuti mfiti kuno kwathu si a masewera. Tonse tamvapo za agogo aakazi othamangitsidwa m'midzi, ena kutenthedwera nyumba, cifukwa ca mau amenewa, ndipo lamulo la dziko lino, kucokera m'nthawi ya atsamunda, limati kuchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Nanga alimi anzathu a ku Chibombo ndi ku Kapiri Mposhi sadziwa zimene zimacitika pa maliro a bambo wa mitala? Lamulo la cuma ca masiye la 1989 linapatsa ana 50 peresenti, makolo 20, odalira malemu 10, ndipo 20 yotsalayo ndi ya mkazi. Akazi akakhala angapo amagawana 20 yomweyo, poyang'ana zaka zimene aliyense anakhala pa banja ndi zimene anathandizapo. Acibale ofuna kulanda katundu amadziwa bwino pogwira: amayamba kunena kuti mkazi uyu ndiye anadya mwamuna. Mwana amene wawerenga nkhani makumi awiri momwe mkazi wosafunika nthawi zonse ndi wakupha sadzadabwa akamva zimenezi pa maliro. Adzangogwedeza mutu.

Inu a mu mpingo muli naco kale citsanzo ca mmene nkhani yotere ingalembedwere. Pa Genesis 29, Yakobo akonda Rakele, ndipo Leya ndi uja amene analowetsedwa pakati mwacinyengo ca atate ace. Wolemba wa masiku ano akanamupanga kukhala woipa wa nkhani yonse. Koma Baibulo litionetsa kuwawa kwa mtima wace kupyolera m'maina amene anapatsa ana ace, ndipo ndi mwa iye mmene munabadwira Levi ndi Yuda. Pomaliza Yakobo anapempha kuikidwa m'manda momwe munagona Leya. Cikondi ca Yakobo ndi Rakele sicinacepe cifukwa Leya wapatsidwa ulemu.

Palinso bvuto lina locepa kuonekera, la mkazi wokondedwayo mwini wace. Kawirikawiri alibe nchito ina koma kukongola ndi kudikira. Sadziwa mtengo wa thumba la feteleza, alibe mnzace wokamba naye zina kupatula za mwamuna. Mkazi wotere ife kuno ku Kabwe sitimdziwa. Mgodi utatsekedwa mu 1994, nyumba zambiri za ku Bwacha, Chowa ndi Makululu zinaima pa amai ogulitsa tomato ndi kapenta pa msika, ndipo ndi amai omwewo amene amanyamula ana kupita nao ku kiliniki kukapimitsa mtobvu m'magazi. Mtsikana wa m'nkhani yanu akonde, inde, koma akhale ndi munda, ngongole, mayeso a giredi 12 kapena mng'ono wofuna ndalama za sukulu. Akanena kuti iai, mauwo aime, osati mnyamata azimuumiriza mpaka atopa ndiye tiziombera m'manja kuti ndico cikondi.

Nanga mkazi woima pakati uja acoke motani? Njira zilipo zambiri, koma zimafuna kuganiza pang'ono. Angathe kuona yekha kuti sakondedwa ndi kunyamuka ulemu wace uli m'manja. Angapeze malo pa Kwame Nkrumah University ndi kusankha uphunzitsi. Angakwiye, angalakwe ndithu, pakuti akazi oipa mtima aliko monga amuna oipa mtima aliko, koma wowerenga aone cimene camfikitsa pamenepo.

Kwa atsogoleri a acinyamata amene mukukonza sewero la pa Khrisimasi kapena la pambuyo pa kukolola, tikupemphani cinthu cimodzi cosabvuta. Musanayambe kuyeserera, patsani pepala mtsikana amene adzasewera mbali ya mkazi wokanidwayo, aliwerenge yekha, ndipo mumfunse ngati angalole kuti amai ace akhale pa benchi ya kutsogolo tsikulo.