Lachisanu Loyera ku Mua si chionetsero

Alendo ambiri opita ku Mua, m'boma la Dedza, amakafunako zigoba za gule wamkulu zimene zili m'nyumba ya Chamare, ndi ziboliboli za amisiri a ku KuNgoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Palibe cholakwika pamenepo. Chimene chimandiwawa n'choti ena akatuluka mmenemo amalowa m'tchalitchi ndi mtima womwewo, foni ili m'mwamba, akucheza mokweza, poganiza kuti namonso ndi mosungira zakale. Ansembe a White Fathers anafika pamalopa mu 1902, patangotha chaka a Montfort atakhazikika ku Nzama, ndipo chiyambire nthawi imeneyo anthu akhala akubatizidwa, kumangitsa maukwati ndi kutsazika abale awo pomwepa. Mua ndi parishi yamoyo.

Wofuna kuzimvetsa abwere sabata yoyera. Za kanjedza wa Lamulungu ndi kusambitsa mapazi Lachinayi madzulo Mkatolika aliyense amazidziwa. Ine mtima wanga uli pa Lachisanu. Tsikuli kulibe Misa. Belu sililira, guwa lilibe nsalu, m'tabernakulo muli mbee. Akhristu amayenda Njira ya Mtanda, malo onse 14, ambiri kumimba kuli pululu poti ndi tsiku losala. Cha m'ma 3 koloko masana wansembe, atavala zofiira, amagwa chafufumimba patsogolo pa guwa, tchalitchi chonse chili zii. Akatha kuwerenga masautso a Ambuye monga analembera Yohane, ndi mapemphero aatali aja, amabwera ndi mtanda wokutidwa ndi nsalu n'kuuvundukula pang'onopang'ono, katatu.

Kenaka mzere umayamba. Agogo a ndodo, mayi wobereka mwana kumbuyo, aphunzitsi, anyakwawa, mnyamata wa kabaza, onse mzere umodzi, popanda wa mpando wapamwamba. Aliyense amafika yekha, kugwada, kugwira mtanda kapena kuupsompsona, n'kupatsa mpata mnzake. Ena amachedwa pang'ono, milomo ikugwedera. Zimene akunena palibe amazimva, ndipo si za ife kuzifunsa. Pali anthu amene chaka chonse sanapeze womuuza za matenda a m'nyumba mwawo, za ngongole, za mwana wolowerera. Pamenepa ndi pomwe amatula.

Anzathu a mipingo ina amati tikupembedza fano. Mawu amenewa amandipweteka chifukwa amanyoza nzeru za makolo athu. M'mzeremo mulibe amene sadziwa kuti akugwira mtengo, komanso kuti anausema ndi munthu. Ulemu ukupita kwa amene anafera pamtandapo. Kwathu kuno maliro sitipepesa tili pamsewu. Timafika pasiwa, kugwada, n'kupereka dzanja kwa anamfedwa. Lachisanu Loyera ndi maliro a Ambuye, ndiye Mkhristu angaimirenji patali?

Koma choopsa chenicheni chikuchokera kwa eni akefe. Malamulo a Mpingo amalola kuti anthu akachulukitsa, wansembe akweze mtanda, onse aulemekeze limodzi ali m'malo mwawo. Mu 2020, chifukwa cha Covid-19, kupsompsona kunatsala kwa wansembe yekha, ndipo zinali zomveka. Mliri unapita, koma m'maparishi ena njira yachiduleyi yakoma. Mumva wina akuti nthawi yatha, anthu akuchokera kutali. Komatu ochokera kutaliwo ndi amene ayenda wapansi kuchokera ku malimana awo kuti adzagwire mtandawo ndi manja awo. Ofulumira ambiri ndi ife a galimoto.

Nanga ojambula? Kulozetsa foni pankhope ya munthu wogwada, mawa n'kumuika pa Facebook, n'kumuvula. Mlendo alowe, akhale kumbuyo, aone ndi maso. Ngati akufuna chithunzi cha tchalitchi, apemphe kwa bambo mfumu mwambo ukatha. Ndipo makhonsolo a maparishi ausiye mzerewo uyende mpaka munthu womaliza, ngakhale dzuwa lipendeke. Kwaya nyimbo za Lenti ili nazo zokwanira.