MDANI WOBISALA M'CIWINDI

Ku mapiri a Thyolo, ku Satemwa ndi ku Makwasa, minda ya tiyi ikhala yobiriwira caka conse. Koma nthawi zina citsamba cimodzi cifota mwadzidzidzi. Anthu akacizula apeza kuti mizu yace inayamba kuola kalekale, masamba ali cibiriwire. Nthenda inali pansi, kumene maso safika.

Momwemonso iripo nthenda ya anthu, dzina lace Hepatitis C. Ibwera ndi kacirombo kosaoneka ndi maso, kamene kalowa m'mwazi, nikaononga ciwindi pang'ono pang'ono. Ciwindi ndico ciyeretsa mwazi ndi kupanga ndulu. Munthu akhoza kuthyola tiyi zaka 20 wosamva kanthu. Pambuyo pace alefuka, maso acita cikasu, ndi mimba itupa, cifukwa ciwindi cadzala zipsera.

Njira ya kacirombo aka ndi mwazi. Lumo limodzi lotemera mphini anthu ambiri likhoza kukasenza. Coteronso singano imodzi yobayira uyu ndi uyo. Cifukwa cace mwazi wopatsa odwala m'Malawi uyamba wapimidwa. Koma udzudzu sukasenza ai. Kupatsana moni wa dzanja, kapena kudya nsima mbale imodzi, sikupatsa munthu nthendayi. Tsono wodwala asasalidwe.

Anthu a ku Egypt, m'mbali mwa mtsinje wa Nile, anaona tsoka ili. Kuyambira zaka za m'ma 1950 kufikira za m'ma 1980, ambiri anabayidwa mankhwala a likodzo ndi singano zosawiritsa bwino, ndipo nthenda inafala m'midzi. Pamenepo nkuti kacirombo kasanadziwike, pakuti kanapezeka m'caka ca 1989. Koma m'caka ca 2018 boma lao linayamba kupima anthu m'dziko lonse, nilipatsa odwala mankhwala. Ndipo nthendayo yacepa ndithu.

Kupima kuli pawiri. Poyamba sing'anga wa ku cipatala atenga kadontho ka mwazi, kuona ngati kacirombo kanalowapo m'thupi. Akapeza cizindikilo, apimanso kuona ngati kakali momwemo. Pakuti mwa anthu 10 ogwidwa, monga atatu acira okha. Otsalawo afunika mankhwala. Katemera wa Hepatitis B alipo, ndipo makanda alandira. Koma wa Hepatitis C palibe. Cokondweretsa ndi ici: alipo mapiritsi akumwa tsiku ndi tsiku, kawiri kawiri masabata 12, amene aciritsa anthu oposa 95 mwa 100. Koma wocira akhoza kugwidwanso akapanda kusamala.

Citsamba ca tiyi coola mizu acizula nacitentha, koma munthu wopimidwa msanga acira. Tsono iye amene anatemedwa mphini ndi lumo la anthu ambiri, kapena anabayidwa ndi singano yokayikitsa, asadikire kuti maso acite cikasu. Apite ku cipatala, monga ca boma ku Thyolo kapena ca Malamulo, akafunse za kupima mwazi. Ndipo mwana wa sukulu wakumva izi akafotokozere akuru kwao mwaulemu.

MAFUNSO

1. Kodi ciwindi cicita ciani m'thupi?
2. Kodi kacirombo aka kayenda bwanji?
3. Nanga munthu wosamva kuwawa apimitsirenji mwazi?