Kodi Mumadziwa? Mawu a M'mawa ndi Nyambo ya Luso ku Kambuzuma

Kodi mumadziwa kuti woyimba Winky D, yemwe dzina lake lenileni ndi Wallace Chirumiko, adabadwira ku Kambuzuma, lokeshoni ya mu Harare, m'chaka cha 1983? Adayamba kumveka ali mnyamata, m'mipikisano yolimbana pa maikolofoni m'lokeshoni momwemo, ndipo dzina loti Winky D lidachokera ku Wicked Deejay. Mayina ena adabwera pambuyo: Bigman, Ninja President, Gafa. Onsewo ndi mayina a munthu wodzikhulupirira, wodzitcha wamkulu pamaso pa anthu amene amayesa mwana wa m'lokeshoni ngati wopanda tsogolo. Masiku ano mafoni athu adzaza ndi timawu todzilimbikitsa tomwe anthu amatumizirana m'mawa pa WhatsApp, tina tokhala ndi maluwa, tina ndi dzuwa likutuluka. Kusiyana kwake n'kwakuti kumbuyo kwa dzina lililonse la Winky D kudali nyimbo zolembedwa ndi thukuta la pa siteji.

Kodi mumadziwa kuti Kambuzuma idamangidwa m'zaka za m'ma 1960, ndipo anthu akuda ankaloledwa kugula nyumba n'kukhala zawozawo? Munthu ankayamba ndi kanyumba kakang'ono, n'kumawonjezera zipinda ndalama zikapezeka. Pafupi pomwepo pali Rugare, komwe kunkakhala antchito a njanji, ndi Mufakose. M'madera amenewa mudakhazikika machona ambiri ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique, n'chifukwa chake mpaka lero mungamve agogo akukalipira mdzukulu m'Chichewa, mdzukuluyo n'kuyankha m'Chishona.

Nanga mumadziwa kuti oyimba Zimdancehall ali ndi nyambo yawoyawo yokokera luso? Amaitcha riddim. Wokonza nyimbo amapanga kugunda kumodzi kopanda mawu, n'kukutaya pabwalo. Oyimba makumimakumi amabwera, aliyense n'kuikapo mawu ake: wina za chikondi, wina za njala, wina za mayi ake, wina kudzitama basi. Ku Mbare, situdiyo ya Chillspot, ya DJ Fantan ndi Levels, idayambira m'chipinda cha m'nyumba zosanjikizana za Matapi, zomwe kale zidamangidwira amuna obwera kudzagwira ntchito m'tauni. Mwambowu udachokera ku Jamaica, komwe mu 1985 kugunda kotchedwa Sleng Teng kudatengedwa m'kachipangizo kotchipa ka Casio, ndipo nyimbo mazanamazana zidayimbidwa pamwamba pake. Amene amati sangayambe kulemba chifukwa alibe zida zabwino aganizirepo pamenepa.

Kodi mumadziwa kuti chizolowezi chodziuza mawu abwino m'mawa chidatchuka ndi munthu wogulitsa mankhwala? Émile Coué wa ku France, yemwe adamwalira mu 1926, adaona kuti odwala amene ankawayamikirira mankhwala powapatsa ankapeza bwino msanga kuposa amene ankangowapatsa ali duu. Adayamba kuphunzitsa anthu kubwereza chiganizo chimodzi chonena kuti zinthu zikunka zikuwayendera bwino tsiku ndi tsiku, maulendo 20 m'mawa ndi 20 madzulo, akuwerengera pa chingwe cha mfundo 20. Mkatolika wa korona kapena Msilamu wa tasibihi akamva zimenezi angomwetulira. Chingwe chowerengera adachidziwa kalekale.

Koma apa pali mbuna. Kodi mumadziwa kuti mawu otere amatha kupweteka amene akuwafuna kwambiri? Mu 2009 Joanne Wood ndi anzake a pa yunivesite ya Waterloo ku Canada adapempha anthu kuti azibwereza kuti iwo ndi anthu okondeka. Amene ankadzikhulupirira kale adamva bwinoko pang'ono. Amene ankadzikayikira adatuluka mitima itawawa kuposa poyamba. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: mlomo ukanena zimene mtima ukuzikana, mtima umayamba kusonkhanitsa umboni wotsutsa. Uzani mnyamata amene wakhala zaka zisanu akugulitsa tomato pamsewu, satifiketi ili m'sutikesi, kuti aziimirira pagalasi n'kumati ndine wolemera. Galasilo lidzamuyankha.

Kafukufuku wina adapeza njira yosiyana. Mu 2006 Geoffrey Cohen ndi anzake ku America adapatsa ana asukulu mphindi pafupifupi 15 kuti alembe za chinthu chimene amachiona kuti n'chofunika pa moyo wawo, kaya achibale, kaya nyimbo, kaya chipembedzo. Sadawauze kuti adzitame. Ana akuda amene adalemba zimenezi adakhoza bwino kuposa anzawo amene sadalembe, ndipo mpata wa pakati pa iwo ndi ana achizungu udachepa ndi pafupifupi 40 peresenti. Ine ndikasankha pakati pa Coué ndi Cohen, nditenga Cohen. Kukumbuka chimene uli nacho kumaposa kubwebweta chimene ulibe.

Kodi mumadziwa kuti ife tidali nawo kale mawu olimbikitsa a tsiku ndi tsiku, koma ankachokera pakamwa pa mnzako? Mayi akapereka nsima, womulandira amati zikomo Naphiri, zikomo Nabanda, zikomo Nambewe. Chiwongo chimakuuza kuti suli wekha, uli ndi kumene udachokera. Ashona nawonso amathokozana ndi mutupo, chiwongo chawo. N'chifukwa chake chidali chipongwe chowawa pamene Robert Mugabe adanyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mutupo, ndipo aliyense adadziwa kuti akunena ana a machona. Ambiri mwa iwo ankayenda ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo, chonsecho mchombo wawo udagwera mu Zimbabwe momwemo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndiwo adavomereza kuti wobadwira m'dzikomo kwa kholo lochokera m'dziko la SADC ndi nzika. Mayina athu nawo ndi uthenga umene munthu amaumva akangodzuka: Limbikani, Pilirani, Tiyanjane, Dalitso. Za amene adatchedwa Mavuto tidzakambirana tsiku lina.

Tsopano imvani iyi, chifukwa ndi yomwe imandikoma kwambiri. Kodi mumadziwa kuti zosema za miyala zimene dziko lonse limazitcha za Ashona zidasemedwanso ndi manja a Achewa ndi Ayao? Ian Smith atalengeza ufulu wa Rhodesia mu 1965, mayiko adaleka kugula fodya wa Rhodesia. Mlimi wina wa kufupi ndi Guruve, Tom Blomefield, adatsala ndi antchito koma wopanda msika. Pa famu yake padali mwala wofewa wotchedwa serpentine, wa m'mapiri a Great Dyke. Mmisiri Crispen Chakanyuka adamuonetsa kasemedwe, ndipo mu 1966 mudzi wa amisiri wa Tengenenge udayamba. Antchito a m'fodya aja, ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola, adapatsidwa mwala ndi zida. Panalibe kalasi, panalibe bolodi. Aliyense adatulutsa zimene adabwera nazo m'mutu kuchokera kwawo: nthano za agogo, nkhope za gule, mizimu ya nyama. Lemon Moses, Amali Malola ndi Josia Manzi ndi ena mwa mayina a magazi a ku Malawi amene adamveka kuchokera pamenepo. Akuluakulu sadaname kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Mwa onsewo, taonani Fanizani Akuda. Adabadwira ku Zambia mu 1932, n'kupita ku Southern Rhodesia mu 1949. Adatolapo thonje, adagwirapo ntchito ya njerwa, adalukapo madengu. Ku Tengenenge adalembedwa ntchito yokumba miyala kuti ena aseme, ndipo poyamba ankakana kugwira tchizulo poopa kuti tizidutswa ta mwala timulowa m'maso. Atayamba, sadalekenso. Nkhope zake zozungulira, za timaso tong'amba pang'ono, zina zikumwetulira, zina zikuimba likhweru, zidafika m'nyumba zoonetsera luso za ku Ulaya ndi ku America. Nkhondo ya ufulu itakula adasamukira ku Chitungwiza mu 1975, ndipo adasema mpaka ukalamba, n'kumwalira mu 2011. Munthu uyu sadadzuke m'mawa wina n'kudziuza kuti ndine mmisiri. Wina adamuikira zida m'manja, mwala udali pafupi, ndipo dzina lidamutsatira lokha.

Kodi mumadziwa kuti aphunzitsi awiri otchuka a luso mu Zimbabwe ankakana kuonetsa ophunzira zoti akopere? Frank McEwen, mkulu woyamba wa nyumba ya luso ya mu Salisbury (lero Harare) yomwe idatsegulidwa mu 1957, ankapereka utoto ndi maburashi kwa antchito a m'nyumbamo n'kuwauza kuti ajambule za kwawo. Mmodzi wa iwo, Thomas Mukarobgwa, adasanduka wojambula wodziwika kunja. Wansembe Ned Paterson, yemwe adayambitsa sukulu ya Cyrene pafupi ndi Bulawayo, ankafuna kuti mwana aliyense azijambula, ndipo pepala lidzaze mpaka m'mphepete. M'zaka za m'ma 1950 adasamukira ku Salisbury n'kumaphunzitsa ana a ku Mbare ndi ku Highfield. Pena zolinga za azunguwa zimakayikitsa, makamaka pa nkhani ya amene ankasankha chogulitsidwa ndi mtengo wake, koma malangizo awo adali achidule ndipo adagwira ntchito.

Mumadziwa kuti Nicholas Zakaria, mwana wa machona wobadwira ku Mazowe, adapatsidwa dzina loti Senior Lecturer chifukwa cha oyimba amene adadutsa m'gulu lake la Khiama Boys? Mmodzi wa iwo ndi Alick Macheso, wobadwira ku Shamva mu 1968, yemwe nyimbo yake ya Chichewa yotchedwa Mundikumbuke idavinidwa ndi anthu ambirimbiri osadziwa n'komwe tanthauzo lake.

Kodi mumadziwa kuti ku Harare kuli agogo aakazi amene ntchito yawo ndi kulimbikitsa anthu pa benchi? Dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda adayambitsa Friendship Bench ku Mbare mu 2006 ndi agogo 14. Matenda amene amalimbana nawo Ashona amawatcha kufungisisa, ife tingati kuganiza mopitirira muyeso. Agogowo sauza munthu kuti zonse zili bwino. Amayamba ndi kuvhura pfungwa, kutsegula maganizo. Kenako kusimudzira, kumukweza munthuyo. Kenako kusimbisa, kumulimbitsa. Munthu amatchula mavuto ake onse, n'kusankhapo limodzi loti ayambe nalo sabata imeneyo. Limodzi lokha. Kafukufuku wa anthu 573 m'zipatala 24 za mu Harare, wofalitsidwa mu 2016, adapeza kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi, pafupifupi 14 mwa anthu 100 alionse amene adakhala pa benchi adali akadali ndi zizindikiro za kukhumudwa kwakukulu, pomwe mwa amene adalandira chithandizo cha masiku onse adali pafupifupi 50. Ndipo taonani chimene chimatsatira: omaliza pa benchi amakumana m'magulu momwe ena amaluka zikwama kuchokera ku majumbo otayidwa. Pakamwa pakuyankhula, manja akuluka. Njira imeneyi idafikanso ku Malawi.

Nanga gule? Ku Zimbabwe amamutcha zvigure, ndipo amatulukabe m'mafamu, m'migodi ndi m'malokeshoni a Harare. UNESCO idamulemekeza mu 2005. Ku Mua, m'boma la Dedza, nyumba ya Chamare imasunga nkhope za gule zoposa 400, ndipo pakati pake pali za atsamunda, za anthu andale, ngakhale za matenda. Chilichonse chachilendo chimene chidafika pamudzi chidasanduka poyambira luso. Zambiri sitinena, si onse adameta.

Kodi mumadziwa kuti mwezi wa Okutobala uli ndi mpikisano wojambula wopanda mphotho? Jake Parker wa ku America adayambitsa Inktober mu 2009 pofuna kuwongola dzanja lake: zithunzi 31 za inki m'masiku 31. Masiku ano pamatuluka mndandanda wa mawu, limodzi pa tsiku, ndipo anthu a m'mayiko ambiri amajambula chimene liwulo lawakumbutsa. Olemba nawo ali ndi yawo: Julia Cameron, m'buku lake la 1992 lotchedwa The Artist's Way, adalangiza kulemba masamba atatu ndi dzanja m'mawa uliwonse, osafufuta, osaonetsa munthu. Zonsezi n'zabwino, koma musaganize kuti ndi nzeru yobwera pa ndege. Agogo akati chilape, ana n'kuyankha kuti nachize, imeneyo idali nyambo ya ubongo. Akati padangokhala, ife n'kuvomera kuti tilitonse, udali ulusi woti nthano ilukidwe, ndipo ankachita madzulo alionse popanda intaneti.

Ndiye inu a ku Kambuzuma, Section 3 kapena Section 5, ndi inu a ku Ndirande ndi ku Chawama, mndandanda wa Parker musaudikire. Lolemba jambulani mzere wa zigubu pa mjigo. Lachiwiri manja a amayi anu akusenda mbatata. Lachitatu kondakitala wa kombi ali lende pakhomo. Lachinayi lembani mizere isanu ya dzina lanu, amene adakutchani ndi chimene chidachitika chaka chimenecho. Magetsi akazima, jambulani kandulo. Pepala la thumba la simenti limagwira bwino makala, ndipo bolopeni ya mwana wasukulu ndi inki yokwanira. Mukamaliza, musathamangire kuika pa Facebook. Yambani mwaonetsa agogo anu, akuuzeni ngati mphika mwajambulawo ndi wa nsima kapena wa ndiwo.