Akuwerenga inde, koma akumva?

Mwana wa Sitandade 3 ku Ntaja kapena ku Ulongwe angathe kutchula bwinobwino mawu onse apabolodi. Koma tamufunsani kuti nkhaniyo ikuti chiyani, angoti kukamwa yasa.

Machinga ndi Balaka anali mwa maboma omwe ntchito ya EGRA idafikako kuyambira 2013, ndipo mu 2016 boma lidakhazikitsa National Reading Programme m'dziko lonse. Maphatikizo ana akuwadziwa ndithu. Pavuta ndi pomvetsa, makamaka kwa mwana yemwe kwawo amayankhula Chiyao.

Apa mpomwe nthano za sayansi zingathandize. Mu 1865, Jules Verne wa ku France adalemba za anthu omwe adawomberedwa ndi chimzinga kulunjika kumwezi, zaka 104 munthu asanapondeko. Mphunzitsi ataisimba m'Chichewa n'kuidukiza pakati, mafunso angabwere okha: akapuma bwanji kumwambako? Nanga abwerako bwanji? Mwana wofunsa chonchi ndiye kuti nkhani waimva.

Ifenso tili naye wathu, Shadreck Chikoti, mlembi wa Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa wa zaka 500 zikubwerazo. Kungoti bukuli lili m'Chingerezi, ndipo mwana wa ku Ntaja uja sangalithe.