Dzira la kamarawu limadzuka likangokhudza madzi a m'nyanja

Kamarawu wouma amene amagulitsidwa m'misika ya ku Tete ndi ku Angónia amachokera kunyanja yamchere. Dera lotchuka kwambiri ndi kamarawu muno m'Mozambique ndi Banco de Sofala, kumene mtsinje wa Zambezi umathira madzi ake. Moyo wa kamarawu umayambira m'dzira laling'ono kuposa njere ya fodya, losafika ngakhale theka la milimita.

Nkhanu ya kumtsinje imanyamula mazira ake kunsi kwa mimba mpaka ataswa, koma kamarawu wa m'nyanja satero. Wamkazi amaikira usiku akusambira, n'kuwasiya mazirawo m'madzi. Wa mtundu waukulu, wotchedwa Penaeus monodon, amatha kuikira mazira oposa 500,000 nthawi imodzi. Popeza palibe kholo lowalondera, dzira lililonse limadziteteza lokha.

Akatswiri akaliika dziralo pa makina oonera zinthu zing'onozing'ono, amaona kuti khungu lake lili ndi timaenje tambirimbiri kuzungulira konse. M'kadzenje kalikonse muli kanthu kooneka ngati kandodo. Dzira likadali m'mimba mwa make, tindodoti timangokhala phee. Likangotuluka n'kukhudza madzi a m'nyanja, timatumphukira kunja, n'kusungunuka kukhala nthamvuzi yokuta dzira lonse. Pakapita mphindi zingapo, dziralo limapanganso chikopa china cholimba, chimene mwana amakuliramo kufikira tsiku loswa.

Mlimi amadziwa kuti njere ya chimanga imagona m'nkhokwe miyezi yambiri, koma ikamwa madzi a mvula imadzuka. Dzira la kamarawu nalonso limadzutsidwa ndi madzi, makamaka mchere wina wa m'nyanja wotchedwa magnesium. Ofufuza ataika mazira m'madzi opanda mcherewu anapeza kuti sadzuka bwinobwino. Izi zikusiyana ndi nyama zambiri, zimene dzira lake limayembekeza mbewu ya yaimuna kuti liyambe kusintha.

Komabe popanda mbewu ya wamwamuna mwana sangapangike. Mbewu ya kamarawu ilibe mchira, choncho siisambira. Wamkazi amailandira akangofundula chikamba chake, n'kuisunga m'kathumba kunsi kwa chifuwa. Poikira, amatulutsa mazira ndi mbewuyo pamodzi, ndipo ziyenera kukumana msanga chikopa chija chisanatseke.

M'madzi ofunda bwino dzira limaswa pakatha maola 12 mpaka 15. Kamwana kotulukamo sikafanana ndi kamarawu, ndipo masiku awiri oyamba sikadya, kamangodalira chakudya chimene kanachoka nacho m'dzira. Kamafundula kangapo, ndipo pakatha masabata awiri kapena atatu kamafika pamathiriro a mitsinje ndi m'nkhalango za mangal, mitengo yomera m'matope a madzi amchere. Kumeneko n'kumene kamakulira kasanabwerere kunyanja kukaswana.

Madzi ena ofika kumeneko amachokera kumtunda kuno. Mvula yogwa m'mapiri a ku Angónia imatsika ndi mtsinje wa Revúbuè, umene umathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Kafukufuku waonetsa kuti zaka zimene Zambezi amasefukira bwino m'dzinja, asodzi a ku Banco de Sofala amagwira kamarawu wochuluka. N'chifukwa chake katulutsidwe ka madzi padamu la Cahora Bassa, lomwe linatseka mtsinjewu mu 1974, kamakhudzanso asodzi okhala kutali kunyanja.

Chaka chilichonse boma limaika nyengo ya veda, pamene kugwira kamarawu n'koletsedwa, pofuna kupatsa mpata ang'onoang'ono kuti akule. Alimi nawonso akulangizidwa kuti asamatsukire mapampu opopera mbewu mumtsinje, chifukwa mankhwala ophera tizilombo m'munda amaphanso nkhanu, kamarawu ndi tizamoyo tina ta m'madzi timene nsomba zimadya.