Kudziŵa Chabwino ndi Kuchichita

Socrates adaphunzitsa kuti munthu amachimwa chifukwa cha umbuli, ndipo kuti wodziŵa chabwino sangalephere kuchichita. Aristotle adakana. Iye adaona kuti alipo anthu odziŵa bwino lomwe choyenera, koma ikafika nthaŵi yochichita amagonja. Kwa iye munthu amasanduka wolungama pochita zolungama kaŵirikaŵiri. Thomas Aquinas Woyera adalandira ganizo limeneli: ukoma ndi chizoloŵezi chokhazikika mumtima, ndipo chimakula ndi ntchito.

Komabe ife ansembe, mwina mosazindikira, timatsamira kwa Socrates. M'seminale wokhoza kufotokoza bwino za Utatu Woyera timafulumira kumuyesa wokhwima. Zimene zidachitika ku Rwanda mu 1994 ziyenera kutichotsa mtima umenewu.

Dzikolo lidali ndi akhristu ochuluka kwambiri, ambiri mwa iwo Akatolika. M'mwezi wa Epulo chaka chimenecho Atutsi adathaŵira m'tchalitchi cha ku Nyange, poganiza kuti m'nyumba ya Mulungu apulumuka. Tchalitchicho adachigumula ndi thalakitala anthu ali momwemo, ndipo osachepera 1,500 adafa. Wansembe wa pamalopo, Athanase Seromba, bwalo la milandu la ku Arusha lidampeza wolakwa mu 2006, ndipo mu 2008 lidamlamula kukhala m'ndende moyo wake wonse. Mwezi womwewo, ku Gisenyi, Félicité Niyitegeka, Mhutu, adabisa Atutsi nawathandiza kuwolokera ku Zaire. Mlongo wake, mkulu wa asilikali, atamtumizira uthenga woti athaŵe, iye adakana kusiya anthu ake, naphedwa nawo pamodzi. Aŵiriŵa adabatizidwa ubatizo umodzi, ankanena Kumvera kwa Apostoli kumodzimodzi, ndipo pa za Mulungu wophunzira kwambiri adali wansembeyo.

Kodi tikunena kuti chikhulupiriro n'chachabe? Iyayi. Eklezia adatsutsa kale chiphunzitso cha Pelagius pa msonkhano wa ku Carthage mu 418: popanda chaulere cha Mulungu sitingadzipulumutse ndi ntchito zathu. Koma za mumtima amaziona Mulungu yekha, ndipo ngakhale mwiniwake sadziŵa kuti amakhulupirira chiyani kwenikweni mpaka tsiku limene chikhulupirirocho chimfunsa kutayapo kanthu. Ganizo tingalisinthe usiku umodzi popanda wina kuvulala. Ntchito ikachitika imagwera mnzathu, ndipo sibwerera.

Mu 2017 Papa Francis adapempha chikhululukiro kwa Mulungu chifukwa cha machimo a Eklezia ndi a ana ake ku Rwanda. Sadatchule chiphunzitso cholakwika. Adatchula ansembe, abulazala ndi masisitere amene adagonjera chidani ndi nkhanza.