Mustang pa mtengo wa Vitz? Onani pepala poyamba

Pa foni ioneka bwino maningi: Ford Mustang yofiira, marimu onyezimira, mtengo monga wa ka Vitz. Koma pansi pa chithunzi pali tumau tuwiri: salvage title. Anyamata ambiri amangopitilira osawerenga.

Ku America mau aya atanthauza kuti a inshuwalansi anaileka motoka, ati kuikonza ni kutaya ndalama chabe. Mwina inagunda, inapsa, olo inamira m'madzi. Zotere zimagulitsidwa pa okushoni monga Copart, wina azipenta, basi zaoneka zanyowani.

Yogunda ndiye yosavutako, makanika wabwino aiona: chasisi yopindika, matayala odyeka mbali imodzi, citseko cosatseka bwino. Yoopsa ni ya madzi. Tsiku logula iliza bwinobwino. Pakapita miyezi mawaya achita nguwe, kompyuta iyamba misala, ma airbag simudziwa ngati azatseguka. Ndipo tisanamizane, munthu sagula Mustang kuti aziyenda 40.

Manje musanatumize ngakhale ngwee, pemphani VIN, nambala ya zilembo 17, muifufuze pa Carfax. Ngati ni Altezza olo Subaru yochoka ku Japan, pemphani auction sheet: giredi R ndiye kuti inachitapo ngozi nokonzedwa. Wogulitsa akayamba nkhani zambiri, mwaziwa kale.

Musaiwalenso kuti ya ku America siteringi ili kumanzere. Kupitilira thiraki pa Great North Road, amene aona kutsogolo ni pasinja wanu.